Loya Sali wa Omangidwa Okha

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA: Moni inu a ku Mbare ndi ku Highfield, a ku Mufakose, Dzivarasekwa, Kambuzuma, Glen Norah, Mabvuku ndi Tafara, osaiwala a ku Epworth ndi ku Chitungwiza. Agogo amene munabwera kuno ku Zimbabwe pa malole a Ulere kapena kudzera ku Mthandizi, ndi inu adzukulu amene Malawi, Zambia kapena Mozambique mumangomva m'nkhani za akuluakulu, sendezani mpando pafupi ndi wailesi. Lero tikamba za loya.

Ambiri tikamva za loya maganizo amathamangira ku khoti la ku Rotten Row, kwa munthu wa unyolo m'manja amene akudikira belo. Imeneyo ndi ntchito yake imodzi, sindikukana. Koma loya amene ndikufuna timudziwe lero ndi uja wogwira nkhani zamitundumitundu, amene mu ofesi mwake mumalowa mayi wamasiye m'mawa, kalipentala wa ku Glen View masana, ndi mnyamata wochotsedwa ntchito chakumadzulo. Ntchito zake zambiri sazigwirira kukhoti. Amazigwirira pa desiki, kuwerenga ndi kulemba mapepala. Ndipo amakuthandizani kwambiri, pa mtengo wotsikirapo, mukamupeza musanasaine, musanalipire, maliro asanagwe pakhomo.

Tiyambe ndi nyumba, chifukwa kwa ife nkhani ya nyumba ndi yolemera kuposa mmene ilili kwa anansi athu. Mnzathu Mshona zikamuvuta m'tauni ali ndi kwawo, ku Murehwa kapena ku Gutu, kumene kuli munda ndi manda a makolo. Ambiri a ife kumeneko tilibe. Agogo anachoka ku Dedza, ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Angonia ali anyamata, anakalambira pa ntchito kuno, naikidwa konkuno. Chimene anatisiyira ndi kanyumba ka zipinda zinayi kaja. Mu Meyi 2005, nthawi ya Murambatsvina, anthu atauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo, ambiri mwa osowa kolowera tinali ife. Lipoti la mayi Anna Tibaijuka, amene anatumidwa ndi bungwe la United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Choncho nyumba ya kulokeshoni ikatayika, banja lonse latayika nayo.

Ndikufunseni, amayi ndi abambo: nyumba imene mukugonamoyo, m'mabuku ili m'dzina la yani? Nyumba zambiri za m'malokeshoni akale inamanga ndi khonsolo kuti antchito azichita lendi. Dziko litalandira ufulu mu 1980, anthu analoledwa kuzigula polipira pang'onopang'ono. Ambiri anamaliza kulipira, koma title deed sanakatenge. Umwini wawo uli m'mabuku a khonsolo basi, ku ofesi ya m'dera lanu kapena ku ofesi ya zanyumba ya ku Remembrance Drive ku Mbare. Ndipo m'makomo ambiri dzina limene lili m'mabukumo ndi la agogo amene anamwalira zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo. Bilu ya madzi ikubwerabe m'dzina lawo. Ana ena ali ku Johannesburg, ena anamwalira n'kusiya ana awo, ndipo amene watsala pakhomopo akuyesa nyumbayo ndi yake chifukwa ndiye amalipira khonsolo. Kulipira bilu sikupatsa munthu umwini. Tsiku limene wina mwa abalewo adzafune kugulitsa, m'pamene zidzaoneke.

Pali mlandu wotchuka umene unachokera konkuno kwathu, ku Mabvuku, ndipo ophunzira malamulo m'mayiko ambiri amauwerenga mpaka lero. Ndi mlandu wa Magaya. Bambo wa mitala anamwalira osasiya wilo, n'kusiya nyumba ku Old Mabvuku ndi ng'ombe kumudzi. Mwana wake woyamba, mayi Venia Magaya, amene anakhala m'nyumbamo akusamala makolo, poyamba anapatsidwa udindo wolowa m'malo mwa bambo ake. Mlongo wake wobadwa kwa mayi wina anakadandaula, ndipo nkhaniyo inafika ku Khoti la Suprimu. Mu 1999 majaji onse asanu anagamula kuti pa mwambo wolowa chuma ndi mwana wamwamuna. Mayi uja anatuluka m'nyumba imene ankakhalamo.

Chimene chimandiwawa pa mlanduwu n'chakuti chigamulo chinkaperekedwa lamulo litasintha kale. Kuyambira pa 1 Novembala 1997, lamulo la Administration of Estates linakonzedwa kuti chuma cha masiye chisamapite kwa munthu mmodzi wotchedwa wolowa nyumba. Koma bambo aja anamwalira tsikulo lisanafike, ndiye khoti linatsata lamulo lakale. Mwamva kulemera kwa deti limodzi? N'chifukwa chake loya mukamufotokozera za nyumba ya agogo, funso lake loyamba limakhala lakuti anamwalira liti.

Lamulo la lero likuti chiyani? Munthu akamwalira osasiya wilo, mkazi kapena mwamuna wotsala amatenga nyumba imene ankakhalamo pamodzi ndi katundu wa m'nyumbamo, ndipo chuma chotsala amagawana ndi ana. Pa banja la mitala la mwambo, mkazi aliyense amasunga nyumba imene ankakhala. Pa chuma chotsala, gawo limodzi mwa magawo atatu ndi la akazi, magawo awiri ndi a ana. Ana aakazi ndi aamuna ndi ofanana. Ana obadwa kunja kwa banja nawonso amawerengedwa, ndipo High Court inatsimikiza zimenezi mu 2015. Inu amalume ndi azakhali, mundimvetse bwino apa. Kwathu kwa Achewa ndi Ayao, mwini mbumba anali ndi mawu aakulu pa chuma, ndipo ana a mlongo ankayembekezera kulowa m'malo mwa amalume awo. Ulemu wa mwini mbumba ukhalepo pa maliro, pa chinkhoswe, pa kulangiza ana. Koma pa nyumba ya ku Mufakose, lamulo la Zimbabwe limayang'ana mkazi ndi ana. Kubwera ndi lole maliro atangotha n'kunyamula mipando, firiji ndi bedi, kapena kuthamangitsa mayi wamasiye, ndi mlandu pansi pa lamulo la Deceased Persons Family Maintenance, ndipo loya akhoza kupita kukhoti mwachangu kuti katunduyo abwezedwe.

Njira yake imayenda motere. Imfa imalembetsedwa ku ofesi ya Master wa High Court, kapena kukhoti la majisitireti, ndipo lamulo limati zichitike pasanathe masiku 14. Amene munachedwa zaka zambiri musaope, pitani ndithu, chuma chimalembetsedwabe. Kenako abale amaitanidwa ku msonkhano wosankha munthu woyendetsa chumacho, amene kuofesiko amamutcha executor. Iyeyu amapatsidwa kalata ya mphamvu, amalengeza m'nyuzipepala kuti amene malemu anali nawo ngongole abwere, amalemba mmene chuma chigawidwire, ndipo Master akavomera m'pamene dzina limasinthidwa pa nyumba. Popanda kalata imeneyo, palibe mwana, ngakhale woyamba kubadwa, amene angagulitse nyumba ya malemu. Banja logwirizana likhoza kuyenda njira yonseyi lokha, mmodzi wa ana n'kukhala executor. Koma ngati pali akazi awiri, ana a mimba zosiyana, ena ali kunja, kapena wina wayamba kale kuonetsa anthu ogula nyumba, funani loya msanga.

Za wilo. Ndikudziwa mantha athu, akuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Abale anga, timalipira chaka ndi chaka m'mabungwe athu a maliro, bokosi ndi basi ya kumanda tinakonzeratu, ndipo palibe amene anafa chifukwa cholipira. Ngati tikukonzeratu za tsiku la maliro, tikonzerenso za ana amene adzatsale. Wilo iyenera kulembedwa, mwini wake asaine tsamba lililonse, pakhale mboni ziwiri za zaka 16 kapena kuposerapo zimene zilipo nthawi imodzi, ndipo mboni isakhale munthu amene akupatsidwa kanthu m'wiloyo. Apa m'pamene mawilo olemba tokha amagwera: bambo amaitana mkazi wake ndi mwana wake kuti asaine ngati mboni, osadziwa kuti akuwaika pa chiopsezo chotaya gawo lawo. Loya amaona zotere, amasunga wiloyo, kapena amakaisungitsa kwa Master. Amakukumbutsaninso kuti mukakwatira mutalemba kale wilo, kawirikawiri wiloyo imafa, muyenera kulemba ina.

Amayi, tcherani khutu apa. Mu Disembala 2020, pa mlandu wa Chigwada, Khoti la Suprimu linagamula kuti munthu ali ndi ufulu wopereka chuma chake kwa aliyense m'wilo, ngakhale kumusiya kunja mkazi kapena mwamuna wake. Maukwati a kuno sasakaniza chuma. Chimene chili m'dzina la bambo ndi cha bambo. Ine chigamulo chimenechi chimandidetsa nkhawa ndikaganiza za mayi amene wagulitsa tomato ku Mbare Musika zaka makumi atatu, n'kumanga zipinda zowonjezera ndi ndalama zake, koma dzina lake silili pa pepala lililonse. Wosiyidwa kunja akhoza kupempha khoti kuti chuma cha masiye chizimusamala, koma nthawi yopemphera ndi yochepa, ndipo chisamaliro si umwini. Njira yolimba ndi yakuti mayina onse awiri alembedwe pa nyumba nonse muli moyo. Loya amaichita ntchito imeneyi popanda mkangano, popanda khoti.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tabweranso. Tinene mwachidule za ukwati, popeza wakhudzidwa kale. Kuyambira mu 2022 kuli lamulo latsopano la maukwati. Ukwati wa mkazi mmodzi uja tinazolowera kuutcha 5:11 ulipobe, ukwati wa mwambo wolembetsa ulipo, ndipo ukwati wa malowolo kapena wa chinkhoswe wosalembetsa umazindikiridwa pa zinthu zina monga ana ndi chuma cha masiye, ngakhale kuti umboni wake umavuta abale a malemu akakukanani. Anthu ongolowana, lamulo siliwatcha okwatirana, koma akasiyana khoti likhoza kuwagawira katundu amene anapeza limodzi. Mwana wosakwana zaka 18 sakwatiwa, makolo avomere kapena asavomere. Banja likamatha, loya amathandiza pa kugawana katundu ndi pa nkhani yakuti ana akhala ndi yani. Koma ndalama zosamalira ana, kapena chikalata choletsa mwamuna wankhanza kukuyandikirani, mukhoza kukapempha nokha kukhoti la majisitireti, monga la ku Mbare. Kalaliki wa khoti amakupatsani mafomu. Musagone ndi njala kapena ndi mabala chifukwa mulibe ndalama ya loya.

Tsopano kugula sitandi, kumene anthu athu alira misozi yambiri. Mwana ali ku Cape Town kapena ku Leeds, watumiza ndalama za zaka zisanu, akufuna amangire amayi ake. Pabwera munthu wa galimoto yabwino, ali ndi mapu, ali ndi chidindo cha kopaletivi, mtengo wake ndi theka la mtengo wa ena, ndipo akuti mulipire lero chifukwa mawa atenga wina. Akuluakulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada. Boma lenileni linakhazikitsa komiti ya Jaji Tendai Uchena kuti ifufuze kagulitsidwe ka malo a boma m'mizinda, ndipo lipoti lake la mu 2019 linaonetsa mmene akathyali a malo anagulitsira anthu nthaka yosakhala yawo. Mu Disembala 2020 tinaona nyumba zikugwetsedwa ku Budiriro mvula ili mkati, katundu ali pabwalo. Eni nyumbazo ambiri anali ndi malisiti. Chimene analibe ndi umboni wakuti wogulitsayo anali ndi mphamvu yogulitsa.

Loya amachitapo chiyani? Amapita ku Deeds Office kukaona ngati title deed imene mwaonetsedwa ndi yeniyeni, ngati dzina ndi la wogulitsayo, ndiponso ngati nyumbayo sinaperekedwe chikole ku banki. Ngati ndi nyumba ya khonsolo yopanda title deed, amakatsimikiza m'mabuku a khonsolo ndi kuona kuti cession, kumene ndi kusamutsa dzina pamaso pa khonsolo, yachitikadi, osati kungolemberana kalata yolumbira kupolisi. Ngati ndi malo odulidwa ku munda waukulu, amafunsa chilolezo chodulira, pakuti makhoti a kuno anagamula kale kuti pangano logulitsa chigawo cha malo popanda chilolezo chimenecho ndi lakufa. Ngati mwini nyumba anamwalira, amafuna kalata ya executor ndi chilolezo cha Master. Ndipo chachikulu, ndalama zanu zimakhala mu akaunti yapadera ya loya, imene amaitcha trust account, mpaka mapepala atayenda. Dziwaninso kuti kusamutsa title deed sachita loya aliyense. Amachita amene analembetsedwa ngati conveyancer, ndipo mwachizolowezi amamusankha ndi wogulitsa pamene wolipira ndi wogula. N'chifukwa chake ndi nzeru kuti inu wogula mukhale ndi wanu woti akuwerengereni panganolo.

Ana amene muli kunja, mukafuna kuti m'bale akusainireni kuno, pamafunika chikalata chopatsa mphamvu, chosainidwa pamaso pa loya wotchedwa notary kumene muliko. Muuzeni alembe ntchito imodzi yokhayo imene mukufuna. Chikalata chopereka mphamvu pa zinthu zonse chagulitsitsa nyumba za anthu eni ake ali pa ntchito kunja.

Eni nyumba ndi maloja, mawu awiri okha. Loja akalephera lendi, simuchotsa chitseko, simudula madzi, simutaya katundu wake panja. Mumamupatsa notisi, ndipo akakana mumapita kukhoti. Gawo 74 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu sachotsedwa pakhomo, ndipo nyumba yake siigwetsedwa, popanda chilolezo cha khoti. Gawo lomwelo limene limakutetezani inu kwa khonsolo limatetezanso loja wanu kwa inu.

Tifike pa nkhani ya chitupa, imene ndi bala lathu lakale. Lamulo la unzika la mu 2001 linafuna kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akakane unzika umenewo, ngakhale sanapondeko. Anthu obadwira ku Harare Hospital, ophunzira ku Mbare, anadzuka ali alendo, chitupa chawo chikuti ALIEN, ndipo ambiri sanavote mu 2002. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anakonza zimenezi. Gawo 43 likuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe lisanafike tsiku la 22 Meyi 2013, amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno pa tsikulo, ndi nzika mwa kubadwa. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali mu SADC. M'chaka chomwecho, pa mlandu wa Mutumwa Mawere, Khoti la Malamulo Oyendetsera Dziko linati nzika mwa kubadwa siikakamizidwa kutaya unzika wa dziko lina kuti ipatsidwe chitupa cha kuno.

Kukasintha chitupa chakale simusowa loya; yambani nokha ku ofesi ya kalembera, ku Makombe kapena ya m'dera lanu. Vuto limabwera pamene unyolo wa mapepala unaduka. Agogo analibe chitupa, amayi anabadwira pa famu osalembetsedwa, ndiye mwana alibe kalata yakubadwa, sangalembe mayeso bwinobwino, sangatsegule akaunti ku banki, sangalandire nyumba ya makolo ake m'dzina lake. Kapena kalaliki wa pa famu analemba Piri m'malo mwa Phiri, ndipo abale a mimba imodzi ali ndi mayina awiri. Bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti mu 2021 lofotokoza za anthu otere, amene akhala mibadwomibadwo opanda dziko lowatcha ake. Apa loya amasonkhanitsa umboni, makalata a ubatizo, a kusukulu, a kuchipatala, mboni zachikulire. Amalemba makalata olumbira. Amalembera ofesi ya kalembera. Ndipo ikakana popanda chifukwa chomveka, amakapempha High Court kuti ilamule. Agogo amene angachitire umboni kubadwa kwanu akadali moyo, chitani chaka chino.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsopano inu a bizinesi: akalipentala a ku Glen View Area 8, owotcherera zitsulo a ku Siyaso, amakanika a ku Gazaland, amayi a kaunjika a ku Mupedzanhamo. Mabizinesi athu ambiri amayamba ndi chibale. Wina wabweretsa makina, wina ndalama, wina luso la manja, ndipo palibe cholemba chifukwa timapemphera mpingo umodzi. Zinthu zikamavuta mumagwirizana. Mkangano umabwera phindu likayamba kuoneka, kapena mmodzi akamwalira mkazi wake n'kubwera kudzafunsa gawo la mwamuna wake. Pangano la masamba awiri, lonena kuti wina anaika chiyani, phindu ligawidwa bwanji, wofuna kutuluka atenga chiyani, loya amalilemba tsiku limodzi.

Bizinesi ikakula mpaka kufuna kugulitsa madesiki kusukulu kapena kupikisana pa matenda, amafuna kampani yolembetsa ndi chikalata cha msonkho cha ku ZIMRA. Pansi pa lamulo la Companies and Other Business Entities, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, mukhoza kulembetsa kampani wamba kapena kampani yaing'ono yotchedwa PBC, yosavuta kuyendetsa. Ubwino wake ndi wakuti ngongole za kampani zimakhala za kampani, sizifika msanga pa nyumba yanu. Koma chenjerani: banki kapena wokongoza akakusainitsani kuti mukuimira ngongoleyo inu mwini, chitetezo chija chatha. Pepala lotere limafunika maso a loya musanaligwiritse cholembera.

Moto wapsereza Glen View Area 8 kambirimbiri, ndipo mu Okutobala 2024 unapsereza msika wa Mbare Musika. Taganizani: kasitomala analipira theka la mtengo wa sofa, sofayo yapsa isanatengedwe. Wataya ndani? Ngati simunalembe, mudzakangana mpaka kupolisi. Za ndalama nazonso, lembani kuti ngongole idzabwezedwa mu ndalama yanji. Mu Febuluwale 2019 boma linalamula kuti ngongole za madola a ku America zisanduke za ndalama ya kuno ya RTGS, dola imodzi pa imodzi, ndipo mu Januwale 2020 Khoti la Suprimu pa mlandu wa Zambezi Gas linavomereza. Anthu amene anakongoza madola enieni anabwezeredwa ndalama yopepuka kwambiri. Lero tili ndi ndalama ya ZiG, imene inabwera mu Epulo 2024, pambali pa dola. Pangano losatchula ndalama ndi mlandu wodikira tsiku.

Wina akakukongolani osabweza, musamangodikira mwaulemu. Ngongole zambiri zimafa pa lamulo zikatha zaka zitatu musanapite kukhoti, pokhapokha wokongolayo atavomera ngongoleyo mkati mwa nthawiyo, ndiye muuzeni avomere polemba. Loya amayamba ndi kalata yolamula kubweza, ndipo nthawi zambiri kalata yokhayo imakwana. Ngongole yaing'ono mukhoza kukaisuma nokha ku khoti la milandu ing'onoing'ono. Ndipo inu amene muli mbali inayo, amene munagwa m'manja mwa akatapila: lamulo la kuno limati chiwongoladzanja chosalipidwa chikafika pofanana ndi ndalama imene munakongola, chimaima pomwepo. Wokongoza alibenso mphamvu yobwera kudzanyamula wailesi yakanema yanu yekha. Wolanda katundu ndi mesenjala wa khoti, atanyamula chigamulo. Masamoni akakupezani, musawabise pansi pa matiresi. Masiku oyankhira ndi owerengeka, ndipo mukakhala chete khoti limagamula inu kulibe.

Antchito ndi olemba ntchito, nonse mumamufuna loya. Ambiri mukukumbukira 17 Julayi 2015, pamene chigamulo cha mlandu wa Zuva Petroleum chinalola makampani kuchotsa anthu ndi notisi ya miyezi itatu basi, ndipo anthu masauzande anataya ntchito m'masabata ochepa, mpaka nyumba ya malamulo inasintha lamulo mwezi wotsatira. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi zaka ziwiri zokadandaula, kuyambira ku ofesi ya zantchito kapena ku NEC, bungwe la olemba ntchito ndi antchito a ntchito yake, ndipo nkhani ikhoza kufika ku Labour Court. Inunso a shopu ya antchito atatu, kumuuza mnyamata kuti usabwerenso mawa popanda kumumva mbali yake kungakulipitseni malipiro a miyezi yambiri.

Za omangidwa ndinena zochepa, koma zisungeni. Gawo 50 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa auzidwe chifukwa chake, aloledwe kulankhula ndi loya ndi abale ake, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Sitetimenti imene simunaimvetse musaisaine. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka mu gawo 6, ndipo woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wa womasulira. Agogo amene Chishona cha kukhoti chimakuzungulirani mutu, nenani poyera kuti mukufuna womasulira wa Chichewa. Si manyazi.

Nanga ndalama? Sindikunamizani, maloya ndi odula kwa munthu wogulitsa pa msika. Koma mtengo wawo suchokera m'mutu. Bungwe la Law Society of Zimbabwe limaika mitengo yotsata zaka zimene loya wagwira ntchito, choncho loya wachinyamata amatchipirapo, ndipo wilo, pangano la lendi kapena kalata ya ngongole amaigwira bwinobwino. Funsani mtengo musanayambe, akulembereni, ndipo ndalama iliyonse muitengere lisiti. Loya weniweni amakhala ndi setifiketi ya chaka chimenecho yochokera ku Law Society. Muli ndi ufulu woiona, kapena wofunsa ku bungweko ngati dzina lake lilimo. Anthu ovala masuti amene amakukodolani pa geti la khoti, akuti amadziwana ndi majisitireti, athaweni. Loya wolembetsedwa akadya ndalama zanu za mu trust account, mukhoza kukadandaula ku Law Society, imene imatha kumuchotsetsa ntchito ndipo ili ndi thumba lobwezera obedwa. Wabodza akadya, palibe thumba limene lingakubwezereni.

Amene mulibiretu ndalama, zitseko zilipo. Boma lili ndi Legal Aid Directorate pansi pa unduna wa zachilungamo. Kuli Legal Resources Foundation, imene yakhala ikuthandiza anthu kuyambira mu 1984. Amayi ndi ana, kuli Zimbabwe Women Lawyers Association, Women and Law in Southern Africa, ndi Musasa pa nkhani za nkhanza. Zimbabwe Lawyers for Human Rights amagwira nkhani za kugwetsa nyumba, kumangidwa mopanda chilungamo ndi unzika. Mizere imakhala yaitali, lawirirani.

Ndipo popita, kaya kwa loya wolipira kaya waulere, nyamulani zonse: zitupa, setifiketi ya imfa, ya ukwati, makalata akubadwa a ana, khadi ya nyumba, malisiti ngakhale ofufutika, mauthenga a pa WhatsApp, ndi umboni wa EcoCash. Lembani madeti pa pepala musanachoke pakhomo. Muuzeni loyayo zoona zonse, ngakhale za mwana wa kunja amene akazi anu samudziwa, ngakhale za ndalama imene munalandira kale kwa wogula woyamba. Zimene mwamuuza lamulo limamuletsa kuulula, ndipo akazimvera koyamba m'khoti kuchokera kwa loya wa mbali inayo, sangakuthandizeninso bwino.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzakamba za penshoni ya NSSA, makamaka ya agogo amene anagwira ntchito m'mafamu ndi m'mafakitale ndi dzina losiyana ndi la pa chitupa.

(NYIMBO YOTSEKERA)